Nthambo za Pansi pa Nyanja ndi Mbiri ya Kutumiza Uthenga Kutali

Kuyambira kalekale mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, uthenga unkayenda pa liwiro la chinthu chimene chaunyamula, kaya ndi munthu wothamanga, kavalo, bwato kapena chombo choyendera mphepo, moti mfumu yolamula dera lalikulu inkamva za nkhondo ya m'malire mwake nkhondoyo itatha kale, ndipo wamalonda ankagula katundu potsata mitengo imene inasintha kale mwezi wathawo. Ng'oma, malipenga ndi utsi zinkatha kumupitirira wothamanga, koma zinkalekezera pamene khutu kapena diso lalekezera, ndipo nyanja yaikulu sizikanaiwoloka. Pofotokoza mbiri ya luso la zopangapanga, anthu ambiri amathamangira kutchula lamya, wailesi, kompyuta ndi intaneti, pamene kusintha kwenikweni kunachitika zonsezi zisanabwere, nthawi imene uthenga unalekana ndi wounyamula n'kuyamba kuyenda wokha mu waya. Gawo lovuta koposa la ntchito imeneyo, lomwenso silikumbukiridwa monga liyenera, linali loyala waya pansi pa nyanja yamchere, ndipo mpaka lero dziko lonse likudalirabe ntchito ya mtundu womwewo.

Dziko la France ndilo linayamba kuyesa mwadongosolo kutumiza uthenga wautali popanda wounyamula, pamene m'chaka cha 1794 Claude Chappe anamaliza mndandanda wa nsanja kuchokera ku Paris kukafika ku Lille, mtunda wa makilomita oposa 200. Pamwamba pa nsanja iliyonse panali matabwa otembenuzika amene kakhalidwe kake kankaimira chizindikiro, ndipo mlonda wa nsanja yotsatira ankayang'ana ndi chipangizo choonera kutali n'kutembenuza matabwa ake mofananamo, mpaka uthenga ufike kumapeto. Njirayi inkathandiza boma ndi asilikali, koma usiku ndi nkhungu zinkaiimitsa, komanso inkafuna anthu ambiri olipidwa. Yankho linachokera ku magetsi: m'chaka cha 1800 Alessandro Volta wa ku Italy anapanga batire loyamba lopereka magetsi oyenda mosadukiza, ndipo m'chaka cha 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona kuti magetsi akamayenda mu waya, singano ya kampasi imene ili pafupi imatembenuka. Pamenepo zinaoneka kuti munthu wolumikiza ndi kudula magetsi mbali ina ya waya angathe kugwedeza singano mbali inayo, ngakhale patali, ndipo chipangizo chochita zimenezi ndicho chinatchedwa telegalafu.

Ku Britain, William Cooke ndi Charles Wheatstone analembetsa telegalafu yawo ya masingano asanu m'chaka cha 1837, ndipo makampani a njanji ndiwo anayamba kuigwiritsa ntchito popewa kuti sitima zisawombane. Ku America, Samuel Morse ndi Alfred Vail anakonza njira yosavuta kuposa imeneyo, yoti chilembo chilichonse chiziimiridwa ndi kugunda kwakufupi ndi kwakutali kwa magetsi, ndipo pa 24 Meyi 1844 anatumiza uthenga kuchokera ku Washington kukafika ku Baltimore, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, pa waya womangidwa ndi madola 30,000 amene nyumba ya malamulo inapereka. Mphamvu ya luso latsopanoli inaonekera bwino pa zimene zinachitikira kampani ya Pony Express, imene kuyambira mu Epulo 1860 inkanyamula makalata pa akavalo osinthanasinthana kuchokera ku Missouri kukafika ku California m'masiku khumi: waya wodutsa dziko lonselo atalumikizidwa pa 24 Okutobala 1861, kampaniyo inalengeza kutseka patangopita masiku awiri.

Pamtunda ntchito inali yopepuka, chifukwa waya wopachikidwa pa mitengo amazunguliridwa ndi mpweya, umene sulola magetsi kudutsamo. M'nyanja zinthu n'zosiyana, popeza madzi amchere amanyamula magetsi mosavuta, kotero kuti waya wosakutidwa akamizidwa, magetsi onse amathawira m'madzi asanafike kulikonse. Panafunika chokutira chimene sichilola magetsi kudutsa, sichiwola m'madzi, ndiponso sichiphwanyika ndi kuzizira kapena kulemera kwa madzi akuya, ndipo mphira wa nthawi imeneyo sankakwanitsa zimenezi. Chokutira choyenera chinapezeka m'nkhalango za ku Malaya, Sumatra ndi Borneo, kumene eni dera ankagwiritsa ntchito kale utomoni wa mitengo ya mtundu wa Palaquium popanga zigwiriro za mipeni ndi ziwiya zina. Utomoni umenewu, wotchedwa gutta-percha, umafewa m'madzi otentha moti munthu angauumbe mmene wafunira, ndipo ukazizira umalimba osasweka. Dokotala wina wogwira ntchito ku Singapore, William Montgomerie, anautumiza ku London m'chaka cha 1843, ndipo pasanapite zaka zambiri Werner Siemens ku Germany anali atapanga makina okutira waya ndi utomoniwo.

Mbali imeneyi ya mbiri imasiyidwa kawirikawiri, koma n'zosatheka kumvetsa nthambo za m'nyanja popanda kuganizira za anthu amene ankalowa m'nkhalango kukafuna utomoni. Njira yofala inali yogwetsa mtengo wonse, kucheka makungwa ake mozungulira m'malo angapo ndi kutunga utomoni wochepa umene unkatuluka, nthawi zambiri wosafika kilogalamu imodzi pa mtengo waukulu, pamene nthambo imodzi yowoloka nyanja ya Atlantic inkafuna matani mazanamazana. Mitengo mamiliyoni ambiri inagwetsedwa, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 inali itasowa m'madera ambiri amene kale inali yochuluka. Mayina a akatswiri a ku London analembedwa pa zipilala, koma a otola utomoni a ku Borneo, amene popanda iwo sipakanakhala nthambo, sanalembedwe paliponse.

Nthambo yoyamba yowoloka nyanja inayalidwa m'chaka cha 1850 pakati pa Dover ku England ndi gombe la France ndi abale awiri, Jacob ndi John Watkins Brett, koma inali waya wa mkuwa wokutidwa ndi utomoni wokha, ndipo inasiya kugwira ntchito tsiku lotsatira. Chaka chotsatira anayala ina yokulungidwa ndi mawaya achitsulo kunja kwake, ndipo iyo inakhala zaka zambiri. Izi zinalimbitsa mtima wamalonda wa ku New York, Cyrus Field, amene m'chaka cha 1856 anayambitsa kampani ya Atlantic Telegraph pofuna kulumikiza Ireland ndi Newfoundland, mtunda wa makilomita oposa 3,000 wokhala ndi malo akuya makilomita oposa 4. Nthambo yake inali ndi timawaya ta mkuwa 7 topota pamodzi, tokutidwa katatu ndi gutta-percha, kenako ndi ulusi wonyika mu phula, ndipo kunja kwake kunali mawaya achitsulo. Inali yolemera moti panalibe sitima imodzi yotha kuinyamula yonse, ndipo anaigawa pakati pa sitima yankhondo ya Britain yotchedwa Agamemnon ndi ya America yotchedwa Niagara. Ulendo wa m'chaka cha 1857 unalephereka nthambo itaduka, ndipo chaka chotsatira inadukanso kangapo, mpaka pamene sitima ziwirizo zinakumana pakati pa nyanja, kulumikiza nsonga zawo ndi kulowera kosiyana, n'kufika kumagombe onse awiri pa 5 Ogasiti 1858.

Chisangalalo chinali chachikulu mbali zonse za nyanja, koma ogwira ntchito pa nthamboyo ankadziwa kuti zinthu sizili bwino, chifukwa uthenga wa mawu 98 wa Mfumukazi Victoria wopita kwa Pulezidenti wa America James Buchanan unatenga maola pafupifupi 16 kuti udutse. Chifukwa chake chinali chitafotokozedwa kale ndi William Thomson, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya Glasgow amene pambuyo pake anatchedwa Lord Kelvin. Nthambo yomizidwa ili ndi mkuwa mkati, madzi amchere kunja ndi utomoni pakati, ndipo kaikidwe kotere kamasunga magetsi, moti amene alowetsedwa mbali imodzi amayamba adzaza nthambo yonse asanaoneke mokwanira mbali inayo. Zimafanana ndi zimene zimachitika mlimi akamatsegula ndi kutseka madzi kumutu kwa ngalande yaitali yothirira dimba: kumapeto kwa ngalande madzi amayamba kufika pang'onopang'ono n'kuphwanso pang'onopang'ono, ndipo ngati akutsegula ndi kutseka mofulumira, munthu wa kumapetoyo amangoona madzi oyenda mosalekeza, osadziwa kuti atsekedwa kangati. Thomson anawerengera kuti kutalika kwa nthambo kukawirikiza kawiri, kuchedwa kumeneku kumawirikiza kanayi, ndipo analangiza kuti mkuwa ukhale wonenepa ndi woyengedwa bwino, chokutira chikhale chochindikala, ndipo magetsi otumizidwa akhale ochepa.

Woyang'anira za magetsi pa kampaniyo, Wildman Whitehouse, amene ntchito yake yoyamba inali ya udokotala, sanagwirizane ndi masamu a Thomson ndipo ankakhulupirira kuti mankhwala a uthenga wofooka ndi kuwonjezera mphamvu. Iye analowetsa mu nthamboyo magetsi ofika mavoti pafupifupi 2,000, amene anakulitsa zilema zimene zinali kale m'chokutira, ndipo patapita masabata atatu okha nthamboyo inaferatu. Njira ya Thomson inali yosiyana kotheratu, chifukwa m'malo mokweza mawu iye anakonza khutu lomva bwino. Chipangizo chake chinali kagalasi kakang'ono kwambiri kokhala ndi timaginito kumsana kwake, kopachikidwa pa ulusi wa silika mkati mwa waya wokulungidwa kambirimbiri, ndipo magetsi ochepetsetsa ochokera kutsidya kwa nyanja ankakatembenuza pang'ono chabe. Nyali inkawalitsa pa kagalasiko, kadontho ka kuwala n'kumayenda kumanzere kapena kumanja pa chopimira, ndipo m'chipinda chamdima kalaliki mmodzi ankayang'anitsitsa kadonthoko n'kumatchula zilembo mokweza, mnzake akulemba.

Kulephera kwa chaka cha 1858, pamodzi ndi kwa nthambo ina yodula kwambiri imene inayalidwa m'Nyanja Yofiira ndi cholinga chofika ku India, kunachititsa boma la Britain ndi kampani ya Atlantic Telegraph kukhazikitsa komiti yofufuza, imene lipoti lake linatuluka m'chaka cha 1861. Lipotilo silitchulidwa pa mndandanda wa zochitika zazikulu za sayansi, koma liyenera kuwerengedwa pamodzi nazo, chifukwa linaonetsa kuti nthambo zinkapangidwa mothamanga, zinkasungidwa padzuwa mpaka utomoni kufewa, ndipo mkuwa wake sunkayesedwa. Kuyambira pamenepo chidutswa chilichonse cha nthambo chinayamba kuyesedwa m'madzi chisanakwezedwe m'sitima, ndipo kufunika koyesa kumeneku ndiko kunafulumizitsa asayansi kugwirizana pa miyezo ya magetsi imodzimodzi, monga ohm, umene ndi muyezo wa mmene waya amakanizira magetsi kudutsa. Ophunzira amene amakumana ndi miyezo imeneyi m'kalasi lero akugwiritsa ntchito zida zimene zinakonzedwa pothetsa vuto la nthambo zomira.

Ntchito inayambiranso nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha, ndipo panthawiyi panali sitima imodzi yotha kunyamula nthambo yonse, Great Eastern, yomangidwa motsatira mapulani a Isambard Kingdom Brunel, yotalika mamita 211, imene inalephera pa malonda onyamula anthu chifukwa cha kukula kwake. M'chaka cha 1865, itayala makilomita pafupifupi 1,900, nthambo inaduka n'kumira, koma chaka chotsatira sitimayo inanyamuka ku Valentia ku Ireland ndi nthambo yatsopano n'kukafika ku Heart's Content ku Newfoundland pa 27 Julaye 1866. Chimene chinatsatira n'chodabwitsa koposa: sitimayo inabwerera pakati pa nyanja, pamalo amene amalinyero anawalemba poyang'ana dzuwa ndi nyenyezi, n'kuyamba kukoka ngowe yachitsulo pansi pa madzi akuya makilomita pafupifupi 4 pofunafuna nthambo ya chaka chathacho. Atayesa maulendo pafupifupi 30, nthawi zina nthambo ikuonekera pamwamba pa madzi n'kupulumukanso, anaikweza m'sitima, anaiyesa n'kupeza kuti ikulankhulabe ndi Ireland, anailumikiza ndi chidutswa chatsopano, ndipo mu Sepitembala 1866 nyanja ya Atlantic inali ndi nthambo ziwiri zogwira ntchito.

Kukula kwa kusinthaku kumaoneka poyerekeza ndi chaka chimodzi chokha m'mbuyomo, pamene nkhani ya kuphedwa kwa Pulezidenti Abraham Lincoln mu Epulo 1865 inatenga masiku oposa khumi kuti ifike ku London pa sitima. Tsopano nkhani yotere inkafika tsiku lomwelo, ngakhale kuti nthamboyo inkatumiza mawu pafupifupi 8 okha pa mphindi ndipo mtengo wake poyamba unali mapaundi 20 pa uthenga wa mawu 20, ndalama imene wantchito wamba akanaigwirira miyezi ingapo. Choncho oyamba kupindula anali maboma, mabanki, amalonda a thonje ndi tirigu, ndi makampani ogulitsa nkhani monga ya Paul Julius Reuter, amene m'chaka cha 1850 ankagwiritsa ntchito nkhunda kunyamula mitengo ya pamsika pakati pa Brussels ndi Aachen, pamene waya anali asanalumikizidwe. Mauthenga owoloka malire anafunanso mgwirizano wa mayiko pa za malipiro ndi malamulo, ndipo m'chaka cha 1865 mayiko 20 anasainirana pangano ku Paris limene linabala bungwe lomwe lero ndi International Telecommunication Union.

Zitatero nthambo zinafalikira mofulumira, makamaka pansi pa makampani a John Pender, amene anali wamalonda a nsalu ku Manchester. Mzinda wa Bombay ku India unalumikizidwa ndi gombe la Porthcurno ku England m'chaka cha 1870, ndipo Australia inafikiridwa m'chaka cha 1872 waya wapamtunda wa makilomita oposa 3,000 atamalizidwa pakati pa Adelaide ndi Darwin. Kum'mawa ndi kumwera kwa Africa nthambo inabwera chifukwa cha nkhondo: Azulu atagonjetsa asilikali a Britain ku Isandlwana pa 22 Januwale 1879, nkhaniyo inatenga masiku 20 kuti ifike ku London, ndipo chaka chomwecho chisanathe nthambo inayalidwa kuchokera ku Aden kudzera ku Zanzibar, pa chilumba cha Mozambique ndi ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, mpaka ku Durban. N'zoonekeratu kuti njira za nthambozi sizinasankhidwe poganizira zofuna za anthu okhala m'magombewo, koma potsata malonda ndi ulamuliro wa atsamunda.

Dziko limene lero ndi Malawi linalowa m'mbiri imeneyi kudzera mu kampani ya African Transcontinental Telegraph, imene Cecil Rhodes anaiyambitsa m'chaka cha 1892 ndi cholinga chokoka waya kuchokera ku Cape Town mpaka ku Cairo. M'zaka za m'ma 1890 wayayo anadutsa ku Tete, ku Blantyre ndi ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, n'kutsata gombe la nyanja kudzera ku Nkhotakota mpaka ku Karonga, kenako anakwera kupita ku nyanja ya Tanganyika, kumene ntchitoyo inathera ku Ujiji osafika ku Cairo. Popeza chiswe chikanadya mitengo, mizati yake inali yachitsulo, ndipo amtengatenga ndiwo ankaisenza pamodzi ndi mikukuta ya waya kudutsa m'mapiri ndi m'madambo mmene munalibe msewu. Phindu la waya ameneyu kwa eni ake linaoneka mu Ogasiti 1914, pamene boma la atsamunda la ku Zomba linamva msanga kuti nkhondo yayamba ku Ulaya, ndipo sitima yake ya Guendolen inawoloka nyanja kupita ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, woyendetsa wake asanamve n'komwe kuti kuli nkhondo. M'masiku oyambirira a nkhondo yomweyo, sitima ya Britain inali itadula kale nthambo za Germany zodutsa mu English Channel, kotero kuti mauthenga ambiri a Germany opita kunja anayamba kudutsa m'njira zimene adani ake akanatha kuwawerenga.

Lamya, imene Alexander Graham Bell anailembetsa m'chaka cha 1876, inafalikira msanga pamtunda koma inatenga zaka 80 kuti iwoloke Atlantic pa nthambo, chifukwa mawu a munthu amasinthasintha kambirimbiri pa sekondi imodzi ndipo nthambo yaitali inkawasakaniza mpaka osamveka. Wailesi ndiyo inatsogola, Guglielmo Marconi atalengeza mu Disembala 1901 kuti wamva chizindikiro chochokera ku Poldhu ku England ali ku Newfoundland, ndipo m'chaka cha 1927 anthu anayamba kuimbirana lamya pakati pa London ndi New York kudzera pa wailesi, pa mtengo wa madola 75 pa mphindi zitatu. Nthambo inabwereranso patsogolo chifukwa cha zinthu ziwiri, pulasitiki ya polyethylene imene inatulukiridwa ku kampani ya ICI m'chaka cha 1933 n'kulowa m'malo mwa gutta-percha, ndi zokuzira mawu zotha kugwira ntchito pansi pa nyanja zaka 20 popanda wozikhudza. Nthambo ya TAT-1, yotsegulidwa pa 25 Sepitembala 1956 pakati pa Oban ku Scotland ndi Clarenville ku Newfoundland, inkalola anthu kuimba malamya 36 nthawi imodzi.

M'zaka za m'ma 1960 ambiri anaganiza kuti masetilaiti, kuyambira Telstar ya m'chaka cha 1962 ndi Early Bird ya m'chaka cha 1965, athetsa ntchito ya nthambo, ndipo mpaka lero anthu ambiri amakhulupirira kuti uthenga wopita kunja umakwera kumwamba. Koma setilaiti yoyenda mofanana ndi kuzungulira kwa dziko imakhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, kotero kuti kukwera ndi kutsika kokha kumatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, kuchedwa kumene kumachititsa olankhulana kudulana mawu. Chimene chinagamula mpikisanowu ndi galasi. M'chaka cha 1966 Charles Kao ndi George Hockham, ogwira ntchito ku Harlow ku England, anaonetsa kuti kuwala kumazimirira msanga m'galasi chifukwa cha zitsotso zosakanikiramo, makamaka chitsulo, osati chifukwa cha galasilo, ndipo ananena kuti ngati gawo limodzi mwa magawo 100 a kuwala lingapulumuke pa kilomita imodzi, ulusi wagalasi ungathe kunyamula mauthenga. Robert Maurer, Donald Keck ndi Peter Schultz a kampani ya Corning anakwanitsa muyezo umenewo m'chaka cha 1970, ndipo ulusi wamakono, umene ambiri amautcha faiba, umapulumutsa magawo pafupifupi 95 mwa 100 pa kilomita. Kao analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2009.

Mu ulusi woterewu uthenga umayenda monga kuthwanima kwa kuwala kwa laser, kumene kumayaka ndi kusintha maulendo mabiliyoni ambiri pa sekondi, ndipo kuwalako sikuthawira kunja chifukwa galasi lapakati lazunguliridwa ndi galasi la mtundu wina limene limakubwezera mkati. Nthambo yoyamba ya faiba yowoloka Atlantic, TAT-8 ya m'chaka cha 1988, inkanyamula malamya 40,000 nthawi imodzi, ndipo za masiku ano zimanyamula zochuluka kuposa pamenepo maulendo masauzande ambiri, popeza ulusi umodzi umatha kudutsitsa mitundu yambiri ya kuwala nthawi imodzi. Komabe kapangidwe kake sikanapite kutali ndi ka nthambo zakale: m'madzi akuya nthambo yonse ndi yonenepa masentimita awiri okha, ili ndi mawaya achitsulo oilimbitsa, chokutira cha pulasitiki, ndi mkuwa wonyamula magetsi a mavoti masauzande angapo ochokera kugombe opita ku zokuzira kuwala zimene zimaikidwa motalikirana makilomita makumi angapo. Pansi pa nyanja za dziko lapansi pali nthambo zoterezi zotalika makilomita oposa miliyoni imodzi, ndipo zimanyamula magawo oposa 95 mwa 100 a mauthenga onse oyenda pakati pa makontinenti.

Gombe la kum'mawa kwa Africa linali limodzi mwa magombe otsiriza kufikiridwa ndi faiba, ndipo mpaka chaka cha 2009 mayiko a m'chigawochi ankadalira kwambiri masetilaiti, zimene zinkachititsa intaneti kukhala yodula ndi yochedwa. M'chaka chimenecho nthambo ya SEACOM inayamba kugwira ntchito, ikutulukira ku Mombasa, Dar es Salaam, Maputo ndi Mtunzini ku South Africa, ndipo m'chaka cha 2010 inatsatira ya EASSy, yotalika makilomita pafupifupi 10,000 kuchokera ku Mtunzini mpaka ku Port Sudan. Mayiko opanda gombe la nyanja yamchere, monga Malawi ndi Zambia, amafika pa nthambozi kudzera mu faiba yapamtunda yodutsa m'mayiko oyandikana nawo, kotero kuti amalipira eni njira zimenezo, ndipo vuto lililonse lochitika m'njiramo limawakhudza. N'chifukwa chake nkhani yokhala ndi njira zingapo zotulukira kunja, zolowera kumagombe osiyanasiyana, iyenera kuonedwa ngati nkhani ya chuma cha dziko mofanana ndi ya misewu ndi njanji.

Nthambo zimadukabe, ndipo pa dziko lonse pamachitika ngozi zoterezi zoposa 100 chaka chilichonse, zambiri mwa izo chifukwa cha makoka a sitima za asodzi ndi anangula okokedwa pansi, pamene zina zimabwera ndi chilengedwe, monga chivomezi cha m'chaka cha 1929 kufupi ndi Newfoundland chimene chinagumula matope a pansi pa nyanja n'kudula nthambo 12, kapena kuphulika kwa phiri la m'nyanja kumene mu Januwale 2022 kunasiya dziko la Tonga lopanda nthambo yake kwa masabata asanu. Nthambo ikaduka, akatswiri a kugombe amatumiza kuwala mu ulusi n'kuwerengera nthawi imene kwatenga kuti kubwerere, ndipo potero amadziwa malo a ngoziyo. Kenako sitima yokonza imapita kukakoka ngowe kapena kutsitsa makina oyenda pansi pa madzi, kukweza nsonga zonse ziwiri, ndi kulumikiza ulusi umodziumodzi m'chipinda chosalowa fumbi. Pa 12 Meyi 2024 nthambo za EASSy ndi SEACOM zinaduka pamodzi kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda, Mozambique ndi Malawi, makampani akuthamangira kupatutsira mauthenga ku njira zina zimene zinadzaza msanga. Sitima zokonza nthambo n'zochepa kwambiri kuzungulira Africa, ndipo imene inapita kukagwira ntchitoyo, Léon Thévenin yokhala ku Cape Town, inali itangobwerera kumene kuchokera kokakonza nthambo zina zimene zinaduka kumadzulo kwa Africa mu Malichi chaka chomwecho, moti panapita masabata angapo kuti zonse zibwerere m'chimake.